Kodi malo amene ali pa zikuto za zimbale zakale za jazz tingawadziwe bwanji?

Chimbale33
Moni nonse a pa gulu lino. Malume anga atamwalira chaka chatha anandisiyira katoni ya zimbale za galamafoni zimene anabwera nazo kuchokera ku Johannesburg, kumene anagwira ntchito zaka zambiri. Zochuluka mwa izo ndi za jazz ya ku America. Nyimbo ndamvetsera ndipo ndikuzikonda, koma chimene chandigwira mtima kwambiri ndi zithunzi za pa zikuto, chifukwa ndikaona munthu ataima pakhomo pa nyumba kapena pamsewu, ndimafuna kudziwa kuti malowo ndi kuti, ndiponso ngati alipobe lero. Ndiyambe ndi zimbale zitatu. Choyamba ndi Live at the Lighthouse cha Lee Morgan, pamene iye wakhala pamchenga pansi pa chinthu chonga mlatho. Chachiwiri ndi Home Cookin' cha Jimmy Smith, pamene waima kutsogolo kwa malo odyera. Chachitatu ndi Cool Struttin' cha Sonny Clark, pamene pakungooneka miyendo ya mayi akuyenda mumsewu. Dandaulo langa ndi lakuti pa intaneti aliyense amatchula malo ake molimba mtima, koma umboni sapereka. Ndikupempha amene mukudziwa bwino kuti mundithandize.

Lipenga_la_Mkuwa
Takulandirani a Chimbale33, ndipo pepani ndi zovutazo. Chimbale cha Lee Morgan ndi chosavuta. Nyimbozo anazijambula mu July 1970 pa kalabu yotchedwa Lighthouse, imene ili pa nambala 30 mumsewu wa Pier Avenue ku Hermosa Beach, kum'mwera kwa mzinda wa Los Angeles. Msewuwo umakathera pa jeti yaitali yolowa m'nyanja ya Pacific, ndipo kuchokera pakhomo pa kalabuyo kukafika pamchenga ndi mtunda woyenda mphindi zochepa chabe. Chimene mukuchiyesa mlathocho ndi jeti imeneyo. Siyofikira sitima monga ya ku Nkhata Bay, koma ndi yoti anthu aziyendapo ndi kuwedzerapo nsomba. Kalabuyo inayamba kutchuka pa jazz m'chaka cha 1949, pamene woimba besi Howard Rumsey anayambitsa zoimbaimba za Lamulungu. Dziwaninso kuti dzina lake lisakusocheretseni, chifukwa palibe nsanja ya nyali yowunikira sitima pamalopo.

Nsanamira
A Lipenga_la_Mkuwa, mwanena kuti ndi jeti imeneyo, koma mwadziwa bwanji? Gombe lomwelo lili ndi jeti ina ku Manhattan Beach chakumpoto ndi inanso ku Redondo Beach chakum'mwera.

Lipenga_la_Mkuwa
Munthu amene akuimba pa kalabu masiku atatu otsatizana sangasiye jeti imene ili pakhomo pake n'kupita kukajambulitsa pa ina. Zimenezi ndi zodziwikiratu.

Nsanamira
Ndikuvomereza kuti mwina mwalondola, ndipo inenso ndikanati ndisankhe ndikanasankha Hermosa Beach. Koma a Chimbale33 adandaula za anthu amene amatchula malo popanda umboni, ndiye tisayambe ndi kuchita zomwezo. Ine ntchito yanga ndi yomanga, ndipo jeti iliyonse ili ndi kamangidwe kake. Mizati ina ndi yamatabwa, ina ndi yakonkire. Ina ndi yozungulira, ina ili ndi ngodya. Ina inaima chilili, ina inapendekeka. Ndipo mpata wa pakati pa mzati ndi unzake umasiyana. Munthu atenge chikutocho, achiike pambali pa zithunzi za majeti atatuwa za m'zaka zomwezo, awerenge mizati pa mzere uliwonse, aone mmene mitanda ya pamwamba inagonera. Akatero adzakhala ndi chonena. Ndikutsindika za zithunzi za m'zaka zomwezo chifukwa majeti amagumulidwa ndi mafunde ndipo amamangidwanso, kotero kuti jeti ya lero ikhoza kukhala pamalo omwewo koma yosiyana maonekedwe.

Mayi_wa_Piyano
Ndisanayankhe za Jimmy Smith, ndinene chinthu chimene chimatisokoneza ife olankhula Chichewa. Mawu akuti kujambula timawagwiritsa ntchito pa nyimbo ndi pa chithunzi pomwe, choncho wina akati chimbale chinajambulidwa pamalo akutiakuti, womva sadziwa ngati akunena za mawu kapena za chikuto. Pa nkhani yathuyi tizisiyanitsa, chifukwa kawirikawiri malo awiriwa ndi osiyana. Home Cookin' ndi chitsanzo chabwino. Nyimbo zake zinajambulidwa mu 1958 ndi 1959 ku Hackensack m'chigawo cha New Jersey, m'chipinda chochezera cha makolo a Rudy Van Gelder, katswiri wojambula mawu a nyimbo, chimene iye anachisandutsa situdiyo. Chithunzi chinajambulidwa tsidya lina la mtsinje wa Hudson, ku Harlem mumzinda wa New York, kutsogolo kwa malo odyera otchedwa Kate's Home Cooking, pafupi ndi Apollo Theater. Pamenepa umboni uli pachikuto pomwepo, chifukwa dzina la malowo ndi zikwangwani za zakudya zikuwerengeka pawindo. Oimba ambiri amene ankaimba ku Apollo ankadya kumeneko, ndiye Francis Wolff wa kampani ya Blue Note, amene ankajambula zithunzi zambiri za kampaniyo, sanasankhe malowo mwangozi. Dzina la chimbale ndi malo odyerawo ndi nkhani imodzi.

Chimbale33
Zikomo kwambiri mayi. Ndayang'ananso chikutocho ndipo dzina la Kate ndaliona. Kodi ndingapeze bwanji pamene nyumbayo inali pa mapu a lero?

Mayi_wa_Piyano
Chenjerani ndi mayina a misewu, chifukwa ku Harlem anasintha. Msewu umene mabuku akale amautcha Eighth Avenue lero kumeneko ndi Frederick Douglass Boulevard, Seventh Avenue ndi Adam Clayton Powell Jr. Boulevard, ndipo Lenox Avenue ilinso ndi dzina la Malcolm X Boulevard. Mukapeza keyala yakale m'buku la manambala a telefoni kapena m'nyuzipepala ya nthawi imeneyo, muyenera kuisandutsa kaye kukhala ya masiku ano.

Kafukufuku_Phee
Ndiwonjezere njira imene ndimagwiritsa ntchito pa zikuto za ku New York. Pakati pa 1939 ndi 1941 boma la mzindawo linatuma anthu kukajambula nyumba iliyonse m'zigawo zake zonse zisanu pofuna kuwerengera msonkho, ndipo zithunzizo zinakwana pafupifupi 720,000. Pa chithunzi chilichonse ankaimika kachikwangwani kokhala ndi nambala ya buloko ndi ya puloti kutsogolo kwa nyumbayo. Ntchito yomweyo inachitikanso m'zaka za m'ma 1980, ndipo ulendo umenewo zithunzi zinali zamitundu. Zonsezi zimasungidwa ku Municipal Archives ndipo zimapezeka pa intaneti. Ubwino wake ndi wakuti zimbale zimene tikukambazi zinatuluka pakati pa nthawi ziwirizi. Ngati nyumba ikuoneka mofanana mu 1940 ndi mu 1985, ndiye kuti inali choncho mu 1958, ndipo mukhoza kuifananiza ndi chikuto popanda mantha. Musadalire chikwangwani cha sitolo, chifukwa masitolo amasintha eni ake chaka ndi chaka. Yang'anani zimene sizisintha msanga, monga chiwerengero cha mawindo pa nsanjika iliyonse, mapeto a khoma kumwamba, kayalidwe ka njerwa pamwamba pa zitseko, ndi makwerero achitsulo othawirapo moto amene amakhala kunja kwa khoma. Google Street View inayamba mu 2007, choncho imangokuuzani ngati nyumbayo idakalipo, siikuuzani mmene inalili kale.

Mbalame_ya_Usiku
Ine sindikuona phindu la zonsezi. Lee Morgan akanakhala pansi pa jeti ina iliyonse, lipenga lake likanamveka chimodzimodzi. Tiyeni tizikamba za nyimbo.

Gogo_Galamafoni
Mwanangu Mbalame_ya_Usiku, nyimbo ndiye mwini nkhani, palibe akutsutsa. Koma ife amene tinakulira pa zimbale zazikuluzi tinalibe wailesi yakanema kapena intaneti, ndipo chikuto ndicho chinali windo lokhalo loonera dziko la oimbawa. Chimbale chikamazungulira, chikuto chinkayenda m'manja mwa aliyense amene anali m'nyumbamo. Ine ndinadziwa kuti ku San Francisco kuli ngolo zokokedwa ndi chingwe chachitsulo cha pansi pa msewu chifukwa cha chimbale cha Thelonious Monk cha mu 1959, Thelonious Alone in San Francisco, pamene iye wakwera ngolo yotero. Patapita zaka ndinamva kuti nyimbozo anaziimba yekha m'holo yotchedwa Fugazi Hall, m'dera la North Beach, popanda anthu oonerera, ndipo kuyambira pamenepo ndimamva kukula kwa chipinda chopanda anthucho m'mawu a piyano yake. Komanso malo ambiri a nyimbozi anatha. Kalabu ya Black Hawk ya mumzinda womwewo, pa mphambano ya misewu ya Turk ndi Hyde, pamene Miles Davis anajambula nyimbo mu 1961, inatsekedwa mu 1963. Five Spot yoyamba ya pa Cooper Square ku New York, pamene Monk ndi John Coltrane anaimba limodzi mu 1957, inagumulidwa. Nyumba ikagwa, chithunzi ndicho chimatsala chochitira umboni kuti anthu amenewa ankayenda m'misewu yeniyeni, ankadya pa malo enieni, ndipo ankakwera masitepe enieni atanyamula zoimbira zawo.

Mbalame_ya_Usiku
Ndamva agogo, ndipo za holo yopanda anthuyo sindinkazidziwa. Komabe ndikuti ambiri amathera nthawi pa chikuto kuposa pa nyimbo.

Lipenga_la_Mkuwa
Tibwerere ku chimbale chachitatu. Ine ndinawerengapo kuti chithunzi cha Cool Struttin' anachijambula pakati pa Manhattan, kufupi ndi maofesi akuluakulu, ndipo zovala za anthu amene akuonekawo zikugwirizana ndi zimenezo.

Kafukufuku_Phee
Apa ndiye pamene tiyenera kudekha. Nyimbo za chimbalechi zinajambulidwa pa 5 January 1958 ku Hackensack, ndipo Sonny Clark anali ndi Art Farmer, Jackie McLean, Paul Chambers ndi Philly Joe Jones. Zimenezi zinalembedwa. Koma chikutocho chinadutsa m'manja mwa Reid Miles, amene ankakonza zikuto za Blue Note, ndipo luso lake lalikulu linali kudula zithunzi. Ankatenga chithunzi chathunthu cha Francis Wolff n'kusiya kachigawo kochepa kamene kanamukomera, kenaka n'kukapaka mtundu umodzi. Pa Cool Struttin' anasiya miyendo, nsapato zazitali, siketi yakuda, ndi bambo wovala chikhoti amene akuoneka chapatali mosadziwika bwino. Zonse zimene munthu angadziwire msewu, monga chikwangwani cha dzina lake, nambala ya pakhomo, kapena mapeto a nyumba kumwamba, zinagwera kunja kwa lumo. Zovala sizingatithandize, popeza munthu wovala bwino akhoza kuyenda mumsewu uliwonse. Amene akufuna kutchula msewuwo atisonyeze chithunzi chosadulidwa kapena zithunzi zina za pa filimu yomweyo. Chimodzimodzinso ndi Out to Lunch! cha Eric Dolphy cha mu 1964, pamene pali chitseko cha sitolo ndi kawotchi kosonyeza nthawi imene mwini wake abwerere. Chitseko chokha popanda khoma lake sichitchula mudzi.

Nsanamira
Ndikugwirizana nazo kwathunthu. Ndiwonjezere kuti osindikiza nthawi zina ankatembenuza filimu kuti nkhope ya munthu iyang'ane kumene kuli malemba, ndipo zikatero nyumba imene inali kumanja imaoneka kumanzere. Musanayambe kufufuza, yang'anani malemba a pa zikwangwani, mbali imene mabatani a jekete ali, ndi dzanja limene lili pamwamba pa sakisofoni, limene liyenera kukhala lamanzere. Mukapanda kutero mudzafunafuna mphambano imene kulibe.

Mayi_wa_Piyano
Pali msampha winanso, umene ndi dzina la chimbale. Sonny Rollins anasiya kuimba pagulu kuyambira 1959 mpaka 1961 ndipo ankapita kukaphunzira sakisofoni yake pa mlatho wa Williamsburg, umene umalumikiza Manhattan ndi Brooklyn, kuti asasokoneze anthu oyandikana nawo nyumba. Atabwerera anatulutsa chimbale cha The Bridge mu 1962. Anthu ambiri amakumbukira ngati kuti mlathowo uli pachikuto, koma mukachitenga m'manja mupeza kuti pali iye yekha ndi sakisofoni yake, mlatho palibe. Pamene pa Way Out West cha mu 1957 malowo ndi enieni. William Claxton anapita naye ku chipululu cha Mojave, ndipo Rollins anaima atavala chipewa cha abusa a ng'ombe a kumeneko, sakisofoni ili m'chiuno ngati mfuti. Mtengo umene uli pambali pakewo ndi Joshua tree, umene kwawo ndi chipululu chimenecho, choncho mtengowo ukugwira ntchito imene chikwangwani chimagwira mumzinda. Umatiuza chigawo, ngakhale sungatiuze mtunda weniweni pamene galimoto yawo inaima.

Wa_ku_Salt_River
Moni kuchokera ku Cape Town. Popeza malume a Chimbale33 anali kuno ku South Africa, ndikufunsa ngati m'katonimo muli chimbale cha Dollar Brand, amene pambuyo pake anadziwika ndi dzina la Abdullah Ibrahim, chotchedwa Mannenberg, cha mu 1974. Ndachitchula chifukwa pa chimbale chimenechi malo ndiwo nkhani yonse. Manenberg ndi dera la ku Cape Flats kumene boma la tsankho linasamutsirako anthu amene linawachotsa m'madera ena. District Six, imene ili m'munsi mwa Table Mountain, inalengezedwa kukhala ya azungu okha mu 1966, ndipo anthu oposa 60,000 anachotsedwako nyumba zawo n'kugumulidwa. Pachikuto pali mayi wachikulire wokhala ku Manenberg, osati woimba aliyense, ngakhale kuti Basil Coetzee ndi Robbie Jansen anaimba nawo mochititsa chidwi. Onaninso kuti pachimbale dzinalo analilemba ndi zilembo n ziwiri pakati, pamene pa mapu pali imodzi, ndipo wofufuza akapanda kudziwa zimenezi akhoza kusochera. Nyimboyo anaijambulira m'tauni, ndipo mumsewu wa Bloem, pamene panali situdiyoyo, anaikapo chikumbutso cha mapaipi achitsulo amene amalira ngati chiyambi cha nyimboyo munthu akawakhudza ndi kamtengo motsatizana.

Chimbale33
Chimbalecho chilimo, ndipo ndi chimene chaperepeseka kwambiri kuposa zonse, kusonyeza kuti malume ankachiseweretsa kawirikawiri. Kodi inu munafikako ku Manenberg kukafuna pamene mayiyo anajambulidwira?

Wa_ku_Salt_River
Ndinafikako pa zifukwa za ntchito, koma sindinapite kukafunafuna khomo la mayiyo, ndipo sindingalimbikitse wina kutero. Kumeneko ndi kwawo kwa anthu amene ali ndi mavuto awo, ndipo mlendo woyenda ndi kamera akuyang'ana makomo a eni sakhala akuchita ulemu. Kudziwa dera ndi mbiri yake kwandikwanira. Kalabu, holo kapena jeti ndi malo a aliyense, koma nyumba yogonamo anthu ndi nkhani ina.

Gogo_Galamafoni
Mwanena mawu anzeru. Vuto lomwelo lilipo ndi chithunzi chotchuka cha Art Kane, ngakhale kuti chimenecho sichinali cha chikuto cha chimbale koma cha magazini ya Esquire. Pa 12 August 1958, cha m'ma 10 koloko m'mawa, oimba jazz 57 anasonkhana pa masitepe a nyumba nambala 17 mumsewu wa East 126th Street ku Harlem, pakati pa Fifth Avenue ndi Madison Avenue. Count Basie atatopa ndi kuima anakhala pansi m'mphepete mwa msewu pamodzi ndi ana a m'deralo, ndipo anawo analowa m'chithunzi. Keyala imeneyi ndi yodziwika bwino ndipo okonda jazz amapitako kuchokera kumayiko akutali, koma nyumbayo ndi yokhalamo anthu. Wopitako aime tsidya la msewu pamene wojambulayo anaima, aone, kenaka azipita.

Mbalame_ya_Usiku
Ngati chithunzicho sichili pa chimbale, ndiye kuti tachoka pa funso la a Chimbale33.

Kafukufuku_Phee
Zoonadi, tiyeni tibwerere. Ndikufuna kutchula zikuto ziwiri zimene zimaphunzitsa wofufuza kudzichepetsa. Choyamba ndi Undercurrent cha Bill Evans ndi Jim Hall cha mu 1962, pamene mayi wovala diresi loyera akuyandama m'madzi, nkhope yake ili pamwamba pa madziwo kotero kuti siikuoneka. Munthu angaganize kuti chithunzicho anachikonzera chimbalecho ku New York, kumene nyimbozo zinajambulidwa. Zoona zake ndi zakuti anachijambula Toni Frissell mu 1947, zaka 15 chimbale chisanatuluke, pa kasupe wa Weeki Wachee ku Florida, kumene madzi ndi oyera kwambiri kotero kuti anthu ankaonerera atsikana akusambira pansi pa madzi kudzera pa galasi. Zithunzi za Frissell zimasungidwa ku Library of Congress ku Washington, ndipo kumeneko n'kumene dzina la malo ndi chaka zinalembedwa. Apa yankho silinachokere pa kuyang'anitsitsa chikuto, koma pa kuwerenga dzina la wojambula m'timalemba ting'onoting'ono ta kuseri n'kulitsatira. Chachiwiri ndi Underground cha Monk cha mu 1968. Iye wakhala pa piyano m'chipinda chooneka ngati khola, mfuti ili paphewa, msilikali wa Nazi atamangidwa pampando, ndiponso ng'ombe ili chapafupi, monga ngati ali m'gulu la omenyera ufulu a ku France pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Chipinda chimenecho sichili ku France ndipo sichinakhalepo nyumba ya munthu. Anachimanga m'situdiyo ya zithunzi ku New York, ndipo chikutocho chinapata mphoto ya Grammy. Choncho funso loyamba lisakhale lakuti malowa ndi kuti, koma lakuti kodi ndi malo enieni, nanga chithunzicho ndi cha nthawi imodzi ndi nyimbozo.

Lipenga_la_Mkuwa
Ndavomera kuti ndinafulumira pa Cool Struttin', ndipo mawu anga aja ndawabweza. Koma tisafike poganiza kuti chikuto chilichonse ndi chonyenga. Pa zimbale za Ornette Coleman za At the Golden Circle, iye ndi David Izenzon ndi Charles Moffett aima pa chipale chofewa pakati pa mitengo atavala zikhoti, ndipo nyimbozo anaziimba pa 3 ndi 4 December 1965 ku Stockholm, pa kalabu ya Gyllene Cirkeln mumsewu wa Sveavägen. Nyengo ya pachithunzi ikugwirizana ndi mwezi ndi dziko. Pa The Stylings of Silver cha mu 1957, Horace Silver waima pa likulu la United Nations ku New York, limene panthawiyo linali nyumba yatsopano imene aliyense ankaidziwa. Zikuto zina zimanena zoona poyera.

Nsanamira
Pa Stockholm mzinda tavomereza, koma paki yeniyeniyo ikufunabe umboni wake, chifukwa mitengo yopanda masamba imafanana. Pa United Nations palibe chotsutsa.

Mayi_wa_Piyano
Kwa ine chikuto chimene chimakhutiritsa mtima kuposa zonse ndi Live at the Village Vanguard Again! cha John Coltrane, chifukwa pamenepa malo a nyimbo ndi malo a chithunzi ndi amodzi, ndipo alipobe. Nyimbozo zinajambulidwa pa 28 May 1966, ndipo pachikuto gululo laima panja pa khomo la kalabuyo, Coltrane ali pamodzi ndi mkazi wake Alice, Pharoah Sanders, Jimmy Garrison ndi Rashied Ali. Max Gordon anatsegula Village Vanguard mu 1935, ndipo mpaka lero ili pa nambala 178 mumsewu wa Seventh Avenue South. Chimene chikuoneka pamsewu ndi khomo lokha ndi kadenga kake kansalu, chifukwa kalabu yeniyeniyo ili pansi pa nthaka, ndipo munthu amatsika masitepe opapatiza kuti afikemo. Chipindacho chili ndi ngodya zitatu, ndipo oimba amakhala kungodya yopanikizika, mawu n'kumafalikira kwa omvera. Ambiri amati n'chifukwa chake zimbale zojambulidwa mmenemo zimamveka bwino chotero.

Nsanamira
Ndipo ngodya zitatuzo zili ndi chifukwa chake. M'zaka za m'ma 1910 mzindawo unatalikitsa Seventh Avenue kulowera kum'mwera pomanga njanji ya pansi pa nthaka, ndipo msewu watsopanowo unadula mapuloti akale a Greenwich Village mopingasa, n'kusiya tizidutswa ta malo tosongoka. Omanga anamanga motsatira tizidutswato. A Mbalame_ya_Usiku, apa ndiye pamene funso lanu likuyankhidwa, chifukwa mawu a besi ya Scott LaFaro amene mumawamva pa zimbale za Bill Evans za mu June 1961 anaumbidwa ndi makoma amene msewu unawapatsa maonekedwe.

Mbalame_ya_Usiku
Mfundo imeneyo ndailandira. Usiku uno ndimvetseranso Sunday at the Village Vanguard ndikuganizira za makomawo.

Gogo_Galamafoni
Popeza tatchula za makoma, tisaiwale malo amene amaoneka pa zikuto zambiri koma anthu sawazindikira, amene ndi situdiyo ya Van Gelder yomwe. Zithunzi zochuluka za Francis Wolff anazijambula oimba ali pa ntchito, choncho mukaona mdima kumbuyo kwa woimba, kapena makatani a timizere topingasa pawindo, kapena nyale ya m'nyumba, nthawi zambiri mukuona chipinda chochezera cha ku Hackensack. Chithunzi cha Coltrane cha pa Blue Train cha mu 1957 ndi cha kumeneko. Mu 1959 Van Gelder anasamukira ku Englewood Cliffs, m'nyumba imene anaikonza David Henken, wophunzira wa katswiri wa mapulani a nyumba Frank Lloyd Wright, yokhala ndi denga lalitali lamatabwa ngati la tchalitchi ndi makoma a mabuloko. Mukaona mabuloko kapena mitanda yamatabwa kumbuyo kwa woimba, dziwani kuti chithunzicho ndi cha pambuyo pa kusamukako. Nyumba ya ku Englewood Cliffs inalembedwa m'kaundula wa malo a mbiri ya dziko la America mu 2022.

Chimbale33
Ndathokoza nonse, ndipo ndikuuzeni zimene ndachita kuyambira dzulo. Ndatenga kabuku ndipo chimbale chilichonse ndachipatsa tsamba lake, pamene ndikulemba padera malo a nyimbo, malo a chithunzi, dzina la wojambula, ndi umboni umene ndauona ndi maso anga. Pa Home Cookin' ndalemba Kate's Home Cooking, umboni wake ndi windo, ndipo kumapeto kwa sabata ndiyang'ana zithunzi za msonkho za ku Harlem monga a Kafukufuku_Phee anenera. Pa Cool Struttin' ndalemba New York basi, mzere wa msewu ndausiya wopanda kanthu. Pa Lee Morgan ndalemba Hermosa Beach ndi pensulo kufikira nditawerenga mizati. Pansi pa katoni ndapezanso chimbale cha Cannonball Adderley cha mu 1960 chojambulidwa pa Lighthouse yomweyo, pamene gululo lili pamchenga pansi pa ambulera yaikulu. A Nsanamira, ndikajambula zikuto ziwirizi ndi foni n'kuziika pano, kodi mungandithandize kuona ngati gombelo ndi limodzi?

Nsanamira
Ziikeni, koma muzijambule masana pamthunzi kuti pepala lisanyezimire, ndipo musadule m'mphepete, chifukwa nthawi zambiri chimene timachifuna chimakhala pakona. Mujambulenso kuseri kwa chikuto chilichonse kuti tione dzina la wojambula.